Tisanakweze Mau Kumwamba, Tiyambe Takumba Pansi

Mvula yoyamba ya m'Novembala imabwera ndi zinthu ziwiri ku Cigawo ca Kum'mawa: fungo la dothi lonyowa limene limatulutsa makasu m'nyumba, ndi mphenzi imene imatseka pakamwa nyumba za wailesi. Nthawi imene mlimi afunitsitsa kumva za nyengo, za tsiku lolandira feteleza ku depoti, za mlatho wokokoloka ndi za maliro a mbale wace wa kutali, ndiyo nthawi yomweyo imene wailesi ya m'boma lace ikhoza kungoti zii. Akafunsa amauzidwa kuti makina apsa, ndipo zitsulo zace zicokera kunja kwa dziko. Sabata ipita, mwezi upita. Citsime cimadziwika kuya cikaphwa.

Mau anga lero apite kwa makomiti, mipingo ndi mafumu amene ali ndi nyumba ya wailesi ya FM, kapena amene alingalira zoimika yao. Ndalama zoyamba ziyenera kupita ku zinthu zitatu zimene sizioneka pa tsiku la cikondwerero: malo okwera oikapo eriyo, mkuwa wokwiriridwa m'nthaka pansi pa mlongoti, ndi mmisiri wophunzira amene alandira malipiro ace mwezi ndi mwezi. Ife tazolowera kucita motembenuza. Tiyamba ndi mipando yofewa ya m'situdiyo, tipikisana ndi boma loyandikana nalo pa kuculuka kwa mawati a makina oulutsira mau, ndipo za pansi pa mlongoti tizisiyira makobiri otsala, ngati atsalako.

Akulu-akulu amene anabadwa dziko lino lisanalandire ufulu adziwa kumene tacokera. Kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, nkhondo yaikulu yaciwiri iri mkati, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kaja kooneka ngati sefuliya, kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, kamene kanalowetsa nyimbo za Alick Nkhata m'midzi. Mau a masiku amenewo anali kuyenda pa mafunde a shortwave, amene amakwera kumwamba kweni-kweni nabwereranso pansi kutali. Cifukwa cace makina a mu Lusaka anali kumveka mpaka ku Chama, koma mauwo anali kubwera ndi kupita ngati mphepo, ndipo mvula ikamagunda munali kumva kuthetheka kokha-kokha. FM, imene Edwin Armstrong wa ku America anaitulukira mu 1933, inacotsa kuthethekako. Malamulo atamasuka m'zaka za m'ma 1990, Radio Phoenix inayamba mu Lusaka mu 1996, Radio Maria ku Chipata mu 1999, Breeze FM mu 2002, ndipo ku Lundazi, ku Katete ndi ku Petauke kunabadwa Chikaya, Mphangwe ndi PASME. Munthu wa kumudzi anayamba kumva dzina la mudzi wace pa wailesi.

Koma FM iri ndi khalidwe lace limene komiti iri yonse iyenera kulidziwa isanatulutse ngwee. Mafunde ace, a pakati pa 87.5 ndi 108 megahertz, amayenda molunjika ngati kuwala kwa toci. Phiri likaima patsogolo, kuseri kwace kumakhala mthunzi. Ndipo popeza dziko ndi lobulungira, ngakhale pa dambo lathyathyathya mafundewo amafika pena pace nasiyana ndi nthaka. Eriyo ya pa mlongoti wa mamita 36 imafika pafupifupi makilomita 24. Pa mamita 100 ifika makilomita 40. Ikakhala pamwamba pa phiri lotalika mamita 400 kuposa midzi yozungulira, ifika makilomita 80. Kuti mtunda uwirikize kawiri pali njira ziwiri: kukweza eriyo kanai, kapena kuonjezera mphamvu ya makina pafupifupi ka 16. Werenganinso pamenepo, inu asungi-cuma. Komiti imene isiya makina a mawati 300 nigula a mawati 1,000, eriyo iri pa malo omwewo a kuseri kwa msika, yawirikiza bilu ya magetsi katatu, pamene mtunda waonjezeka pang'ono cabe, ndipo a kuseri kwa phiri akali mu mthunzi monga kale.

Si mwangozi kuti milongoti ya ku Chipata inaunjikana pa mapiri ozungulira tauni. Ndipo abale athu a m'cigwa ca Luangwa, ku Malambo ndi ku Chama, amene amadandaula kuti wailesi ya kumtunda imawadumpha, dandaulo lao ndi loona: mafunde amapita pamwamba pa mitu yao. Kuwakuwira ndi makina akulu sikuwathandiza kweni-kweni. Cimene ciwathandiza ndi makina ang'ono aciwiri oikidwa m'mphepete mwa phiri loyang'ana kucigwa, olandira mau ndi kuwatsitsira pansi.

Pakati pa makina ndi eriyo pali cingwe cocindikala cimene amisiri amacicha kebulo, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakacetecete. Kebulo yopyapyala ngati cala, yochipa m'sitolo, ikatalika mamita 60 imadya koposa theka la mphamvu isanafike pamwamba. Yocindikala ngati nzimbe, pa mtunda womwewo, imangodya gawo limodzi mwa magawo 6 kapena 7. Pamwambapo, maeriyo 4 osanjikizana bwino amasonkhanitsa mafunde kuti apite cam'mbali kumene kuli anthu m'malo motayikira kumitambo, kotero kuti makina a mawati 250 amamveka ngati a 1,000. Polumikizira pali ponse pa kebulo payenera kumangidwa bwino kuti madzi asalowe, pakuti madzi akalowa amatsikira m'kati pang'ono-pang'ono, ndipo mphamvu imene iyenera kutuluka imayamba kubwerera ku makina ndi kuwaocha.

Pa makina ali onse pali mageji awiri: ina ionetsa mphamvu yopita, ina yobwerera. Pa mawati 100 ali onse opita, obwerera asapose 4. Singano ya geji yaciwiri ikayamba kukwera sabata ndi sabata, ndiye kuti makina alikudandaula, monga ng'ombe imene yasiya kubzikula. Munthu wowerenga mageji amenewa m'mawa uli wonse ndi kulemba m'buku amaona matenda akali kutali. Ndipo makina asayatsidwe konse eriyo itamasulidwa, ngakhale kwa kanthawi koyesa cabe, pakuti mphamvu yonse isowa kopita nibwerera pamene yacokera.

Tsono tifike pa mphenzi, mwini nkhani. Taona kuti eriyo ifuna malo okwera. Mphenzi nayonso ifuna malo omwewo. Amene aimika citsulo ca mamita 60 pamwamba pa phiri waitana mlendo ameneyu, ndipo adzabwera ndithu, osati kamodzi ai. Nyumba yaitali ya Empire State ku New York imaombedwa pafupifupi ka 20 caka ciri conse, koma anthu amagwira nchito m'katimo osadziwa n'komwe. Ndichula zimenezi cifukwa kwathu mphenzi ikagwa kawiri pa malo amodzi, pamudzi pamayamba manong'onong'o akuti yacita kutumidwa, ndipo zala zimaloza nkhalamba ina yosauka imene siidziwa ngakhale khomo la nyumba ya makina. Asanapite kwa sing'anga, a komiti ayambe apita ndi khasu pansi pa mlongoti akaone ngati mkuwa ulipo.

Mphenzi imodzi imanyamula maampeya pafupifupi 30,000, pamene ketulo ya magetsi imakoka 10. Palibe fyuzi imene ingachinge mphamvu yotere. Nzeru yace ndi yomweyo imene timacita ndi madzi a mvula pa munda wa pa citunda: kuwakumbira ngalande kuti apite kumene tifuna. Pamwamba pa mlongoti pamakhala ndodo yacitsulo yoposa eriyo kutalika. Kucokera pamenepo lamba wa mkuwa amatsika molunjika, wopanda makona akuthwa, nalowa m'nthaka ndi kumangidwa ku ndodo za mkuwa zokhomedwa mozama. Pa phiri la miyala, pamene ndodo sizilowa, amisiri amakumba ngalande zotuluka mbali zonse ngati mizu ya kacere, nayala mkuwa m'menemo. Cofunika koposa ndi cakuti zonse zimangidwe pamodzi ku mkuwa umodzimodziwo: mlongoti, khungu la kebulo pamene ilowa m'nyumba, makina, jenereta, ngakhale mpanda wa waya. Zikakhala ndi njira zosiyana zolowera m'nthaka, mphenzi imalumpha kucoka pa ina kupita pa inzace, ndipo mlatho umene imaolokerapo ndi makina anu aja ogulidwa ndi thukuta la mpingo wonse.

Mkuwa wa m'nthaka umayesedwa ndi cipangizo cace, ndipo amisiri amafuna kuti ciwerengero cisapose maohm 10. Kuyesa kwabwino ndi kwa m'Seputembala kapena m'Okutobala, nthaka iri gwa, pakuti mphenzi zoyamba zimagwa dothi lisananyowe bwino. Kuyesa m'Febuluwale, pansi pali cinyezi, n'kudzinamiza. Ena amathira mcere m'dzenje kuti ciwerengero citsike pa tsiku limene oyendera abwera; mcerewo umatsukika ndi mvula, ndipo usanatsukike umadya mkuwa womwewo. Komanso mphenzi siilowera pa mlongoti pokha. Ikagwa pa waya wa ZESCO kutali, mphamvu yace imayenda ndi wayayo mpaka m'nyumba ya makina, kotero pa bokosi la magetsi pafunika tizipangizo tochinga, timene timafa m'malo mwa makina ndipo tifunika kusinthidwa tikafa.

Pano nkhani ikhudza inu a m'midzi yozungulira, ngakhale simuli m'komiti. Mkuwa uli ndi msika, ndipo mbala imadziwa kuti pansi pa mlongoti uli wonse pali mkuwa. Ikadula lamba uja usiku, m'mawa wailesi imalankhula monga mwa masiku onse. Palibe amene adziwa kanthu mpaka tsiku la mabingu. Mnyamata amene wagulitsa mamita ocepa a mkuwa kuti apeze ya mowa waika pa moto makina a boma lonse. A nyakwawa acenjeze anthu ao, ndipo ogula zitsulo zakale afunsidwe kumene katundu wao acokera. Abusa a ng'ombe nawo auzidwe kuti khonde la nyumba ya makina si pousapo mvula. Mphenzi ikalowa pansi imafalikira m'nthaka mozungulira, ndipo ng'ombe, pokhala ndi miyendo yotalikirana, imalandira mphamvu yambiri kuposa munthu. Zikhoza kugwa zingapo nthawi imodzi popanda ngakhale imodzi yoombedwa pamutu. Mukaona kung'anima, werengani: masekondi 3 ali onse bingu lisanamveke ndi kilomita imodzi. Likamveka masekondi 30 asanakwane, cokani pa phiripo.

Milongoti yambiri yopyapyala imaima cifukwa ca zingwe zacitsulo zoikoka mbali zitatu. Cimodzi cikamasuka, zinazo zimaugwetsa. Mlongoti wa wailesi wa ku Konstantynów m'dziko la Poland, wa mamita 646, umene unali cinthu cacitali koposa zonse zomangidwa ndi anthu pa nthawi yace, unagwa pa 8 Ogasiti 1991 pamene anchito anali kusintha zingwe zace. Ngati zinacitika kwa akatswiri amene anali ndi zipangizo zonse, nanga kwa ife amene timamangirira mbuzi ku nangula wa cingwe, kapena kumasulako bauti kuti tikakonzere ngolo? Dzimbiri limadya pamene cingwe cilowa mu simenti, pobisika ndi udzu. Udzu womwewo ndi umene umabweretsa moto wa osaka mbewa m'Ogasiti mpaka pa kebulo. Kulambula mozungulira mpanda ndi nchito ya khasu cabe, ndipo mudzi ukhoza kuigwira m'mawa umodzi.

Pali mantha ena amene ndifuna kuwacepetsa, kuti mantha oyenera apeze malo. Kumamveka kuti mafunde a pa mlongoti amaumitsa cimanga, amathawitsa mvula, kapena amalanda amuna mphamvu ya m'nyumba. Palibe umboni wa zimenezi. Cimene mafunde a wailesi amacita m'thupi akaculuka ndi kulitenthetsa, ndipo bungwe la akatswiri a maiko onse lochedwa ICNIRP linaika malire: pa mafunde a FM, mawati 2 pa sikweya mita kwa anthu wamba, ndi mawati 10 kwa anchito ophunzitsidwa. Pansi pa mlongoti wautali, pamene amai amalima ndi kutola nkhuni, mphamvu imakhala yocepa kutali ndi malire amenewa, cifukwa eriyo imaponya mafunde ace cam'mbali, pamwamba pa mitu yathu, ndipo amafooka msanga akamatalikira. Cimene sindingavomereze ndi eriyo yamphamvu yokhomedwa pa denga lalifupi la situdiyo, moyang'anizana ndi zenera la nyumba yosanja kapena kalasi ya sukulu.

Ngozi yeni-yeni iri pamwamba, pa maso pa eriyo. Funde la FM ndi lotalika pafupifupi mamita 3, ndipo theka lace, mita ndi theka, lifanana ndi msinkhu wa munthu. Ndiye kuti thupi la munthu limakoka mafunde amenewa bwino monga eriyo yomwe. Ndico cifukwa malire a FM ali m'gulu la okhwima koposa. Wokwera pamene makina ali kuulutsa amatenthedwa m'kati asanamve kanthu pakhungu, akhoza kucita cizungulire, ndipo akakhudza citsulo ca eriyo amapsa bala lozama locedwa kupola. Bala lokha silingamuphe, koma dzanja limene ladzidzimuka limataya pogwira, ndipo pansi pali mamita 50. Kodi ndani amene amatumidwa kumwambako nyali yofiira ikazima kapena mphepo ikapotoza eriyo? Kawiri-kawiri ndi mnyamata wodzipereka, wodziwika ndi kukwera mitengo ya mango, wopanda lamba wa m'ciuno, wopanda cisoti, amene sangakane pamaso pa akulu. Ndipo kuti malonda a wogulitsa mbeu asadukize, makina amasiyidwa ali moyaka. Ici ndi cinthu coipa, ndipo komiti imene icita cotere iri ndi mlandu ngakhale mnyamatayo atsike wamoyo. Wokwera akhale wophunzitsidwa, womangidwa ndi zingwe ziwiri kuti cina cigwire pamene asuntha cinzace, ndi mnzace woyang'anira pansi. Makina azimitsidwe, swichi ikhomedwe ndi loko, ndipo kiyi akwere nayo iye mwini m'thumba. Ngati mlongotiwo ndi wobwereka, wokhala ndi maeriyo a eni ena, nawonso auzidwe kuti azimitse kapena acepetse mphamvu.

M'kati mwa nyumba ya makina namonso muli misampha. Makina akale a mavalavu, amene nthawi zina timalandira ngati mphatso kucokera kunja, amagwira nchito ndi mavolti zikwi zingapo, ndipo m'kati mwace muli makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, timene tikhoza kupha munthu makina atazimitsidwa kale. Makina a masiku ano amagwira ndi mavolti ngati 50, koma mphamvu yace ndi yokwanira kufiiritsa mphete ya pa cala ikakhudza polakwika, ndipo polowera pace pali mavolti 230 a masiku onse. Gawo limodzi mwa magawo 20 a ampeya imodzi likadutsa pa cifuwa likhoza kusokoneza mtima. Munthu asatsegule makina ali yekha. Wogwidwa ndi magetsi asakokedwe ndi manja. Zimitsani coyamba, kapena mkankheni ndi mtengo wouma. Tizitsulo tina ta m'makinamo tiri ndi dongo loyera la beryllium, limene fumbi lace limaononga mapapo. Takufa tisatayidwe ku dzala kumene ana amaphwanya zinthu ndi miyala.

Makina otulutsa mawati 1,000 amakoka pafupifupi 1,500, ndipo otsalawo amasanduka kutentha m'kacipinda ka malata m'mwezi wa Okutobala. Fumbi, mavu omanga zisa ndi makoswe zikatseka mopita mphepo, makina amadzicepetsa okha mphamvu kapena kufa. Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa zina: madzi atacepa ku Kariba, malo ambiri anali kukhala maola 20 kapena kuposa pa tsiku opanda magetsi, ndipo magetsi obwera ndi kupita amalemetsa makina kuposa oyaka kosalekeza. Ambiri anathamangira ku jenereta. Jenereta ikhale panja pa mphepo, pakuti utsi wace umapha monga mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ndipo mlonda wogona pafupi nayo pothawa mphepo ya m'Juni sadzuka. Ilumikizidwe ndi swichi yosinthira imene imadula waya wa ZESCO kotheratu. Popanda imeneyo magetsi a jenereta amabwerera m'mawaya a kunja, kumene wanchito wakwera pa mtengo pokhulupirira kuti mulibe moto. Pa makina ang'ono, sola ndi mabatire ndi njira yabwino, malinga cipinda ca mabatire cikhale copita mphepo.

Za cilolezo ndinene mwacidule, koma si nkhani ya mapepala cabe. Laisensi youlutsira mau imacokera ku Independent Broadcasting Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, ndipo nambala ya pa wailesi imaperekedwa ndi ZICTA, imene inabwera ndi lamulo la 2009. Masiku ano munthu akhoza kuitanitsa timakina tochipa pa intaneti naganiza kuti palibe amene alakwiridwa. Koma pamene FM ithera, pa 108, ndi pamene payambira mafunde otsogolera ndege, ndipo kuyambira pa 118 mpaka 137 ndi pamene oyendetsa ndege amalankhulana ndi a pansi. Makina opanda sefa yabwino amataya mau kunja kwa nambala yao, monga mphika wosefukira, ndipo nyimbo zanu zikhoza kulowa m'makutu a munthu amene alikutsitsa ndege pa Mfuwe. Kukweza mau mopitirira muyeso kuti mumveke kuposa anzanu kumacitanso zomwezo kwa wailesi yoyandikana nanu. Mafunde sadziwanso cipata ca Mwami kapena ca Chanida. Manambala a FM anagawidwa pakati pa maiko pa pangano la ku Geneva la 1984, kotero wodzisankhira nambala ku Vubwi kapena ku Chadiza akhoza kutseka pakamwa anansi athu a ku Malawi ndi Mozambique. Mlongoti wautali ufunikanso utoto wofiira ndi woyera, ndi nyali yofiira usiku.

Ndidziwa cimene a komiti adzayankha: ndalama ziri kuti? Wailesi ya kumudzi imakhalira timalonda ta m'sitolo, mauthenga a maliro ndi moni wa pa Sabata. Oulutsa mau ambiri salandira kanthu. Othandiza a kunja amakonda kupereka makina amene angajambulidwe ndi kulembedwa dzina lao, ndipo sindiwadzudzula kwambiri, pakuti ndani angajambule mkuwa wokwiriridwa? Yankho limeneli ndi lolemera, koma likawerengedwa bwino ligwera mbali yanga. Wosauka ndiye amene sangathe kugula makina kawiri. Mkuwa, tizipangizo tochinga mphenzi, lamba wa wokwera ndi sefa ya fumbi, zonse pamodzi mtengo wace sufika pa wa makina atsopano, osawerengera malonda otayika pa miyezi ya cete. Pempho lopita kwa othandiza lilembe zimenezi pa mzere woyamba. Ndipo pa K10 iri yonse yolowa, K1 ipatulidwe m'thumba la kukonza makina limene wapampando sangalikhudze pa nkhani ya maulendo ndi misonkhano.

Za mmisiri, walira mvula walira matope. Tiri ndi masukulu ophunzitsa atola-nkhani, monga Evelyn Hone College ndi ZAMCOM, ndipo acinyamata onse afuna kukhala pa maikolofoni kuti amveke dzina. Wa sipanala sachulidwa pa wailesi. Ngati nyumba imodzi siingathe kulipira injiniya wolembedwa m'kaundula wa Engineering Institution of Zambia, nyumba zinai kapena zisanu za m'cigawo zisonkherane zilembe mmodzi woyendera zonse, ndipo pa nyumba iri yonse pakhale mnyamata kapena mtsikana mmodzi wocokera ku sukulu ya zaumisiri, monga ya ku Chipata, wophunzitsidwa kuwerenga mageji ndi kudziwa pamene ayenera kuitana wamkulu. Koma malipiro okha sakwanira. Mmisiri apatsidwe mphamvu, yolembedwa m'malamulo a komiti, yozimitsa makina pamene aona ngozi, ngakhale pa maikolofoni pali phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena mfumu yaikulu. Mmisiri woopa kucotsedwa nchito adzatumiza mwana wa eni kumwamba makina ali moyaka, ndipo adzakhala cete pamene singano ikwera.

Inu omvera, amene munasonkha cimanga, nshawa ndi njerwa kuti wailesi yanu iime, muli ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa pa caka, ndipo simufunika kukhala ophunzira kuti mufunse. Pemphani kuti buku la ku nyumba ya makina libwere pa tebulo pamodzi ndi buku la ndalama. Mlembi awerenge mokweza tsiku limene mkuwa wa m'nthaka unayesedwa komariza ndi ciwerengero cimene cinapezeka, dzina la amene anakwera mlongoti caka cino ndi la amene anasunga kiyi, ndi tsiku limene zingwe zinakungidwa. Ngati bukulo kulibe, msonkhano usatseke asanasankhidwe munthu wokagula lina ku sitolo, ndipo tsiku loyesa mkuwa liikidwe Okutobala asanathe.